Kukonda anthu popanda kutengera za dziko: malangizo kwa Mkhristu wa mu Zomba

M'mipingo yathu muno mu Zomba muli Akhristu a mitundu iwiri amene amandimvetsa chisoni. Ena anamva kuti tisakonde dziko lapansi, ndiye anatseka geti. Sapita kumaliro a munthu wa mpingo wina, salonjera mayi wophika kachasu wa kuseri kwa nyumba yawo, ana awo saloledwa kusewera ndi ana a Asilamu. Ena anamva kuti tizikonda anzathu monga tidzikondera ife eni, ndiye chilichonse chimene anzawo ayamba iwo amangotsatira poopa kukhumudwitsa munthu. Anzawo akasainira alawansi ya msonkhano umene sunachitike, nawo asaina. Anthu akayamba kuloza gogo wina kuti ndi mfiti, nawo agwedezera mutu.

Yakobo 1:27 anaika zinthu ziwirizi m'vesi imodzi: kupembedza koona ndiko kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, ndi kudzisunga wosadetsedwa ndi dziko. Ambuye Yesu popempherera ophunzira ake pa Yohane 17:15 sanapemphe kuti achotsedwe m'dziko, anapempha kuti atetezedwe kwa woipayo. Paulo naye pa 1 Akorinto 5:9-10 ananena poyera kuti wofuna kupewa ochimwa onse ndiye kuti achoke m'dziko lino. Choncho chimene timapatukana nacho ndi mchitidwe woipa, koma munthuyo timamuyandikira. Pa guwa zimamveka bwino. Zimavuta Lolemba m'mawa, ku ofesi, mumsika, pa siwa, ndipo malangizo awa ndi a malo amenewo.

Choyamba: dulani malire muli kunyumba

Danieli anatsimikiza mumtima kuti sadzidetsa ndi chakudya cha mfumu (Danieli 1:8), komabe anakhala ku Babulo n'kugwira ntchito m'boma la anthu osadziwa Mulungu wake mpaka kukalamba. Munthu amene amayamba kuganiza za malire ake envulopu ili kale m'manja, kawirikawiri amagonja. Ndiye khalani pansi ndi pepala mulembe zinthu zochepa zimene simudzachita ngakhale atakupemphani ndi munthu amene mumamukonda. Mwachitsanzo: ndalama yosadziwika bwino sindilandira, munthu sindimunamizira, sinditchula munthu kuti ndi mfiti, sindikongoza ndalama mwa katapira, sindichita chibwenzi chamseri. Poyesa mndandanda wanuwo gwiritsani ntchito 1 Yohane 2:16, pamene za dziko zatchulidwa zitatu: chilakolako cha thupi, chilakolako cha maso, ndi kunyadira za moyo uno.

Mndandanda wa ena umadzaza ndi kutalika kwa siketi, ndolo ndi kametedwe ka tsitsi. Mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake pa zimenezi, ndipo ngati munalonjeza kuwasunga, asungeni. Koma musaganize kuti mwamaliza. Munthu akhoza kuvala bulauzi ndi duku loyera la Mvano, kapena jekete ya mkulu wa mpingo, uku akulanda munda wa mlamu wake wamasiye.

Mukalemba, werengerani amuna anu kapena akazi anu. Tsiku limene mudzakane ndalama yachinyengo, ndiwo imene idzachepe ndi ya pakhomo ponse, ndiye ndi bwino mugwirizane lisanafike tsikulo.

Chachiwiri: dziwani anthu amene mwayandikana nawo, osasankha

Zomba ndi tauni yosakanikirana. Ku Chinamwali, Matawale, Sadzi, Mpondabwino kapena Chikanda, mzere umodzi wa nyumba ukhoza kukhala ndi wa CCAP, Mkatolika, Msilamu, wa Seventh Day, msilikali wa ku Cobbe Barracks ndi wophunzira wa ku yunivesite ya Chanco amene akuchita lendi kachipinda. Kwa masabata awiri oyamba ntchito yanu ikhale kulonjera ndi kudziwa anthu basi. Nyumba zisanu zokuzungulirani mudziwe akukhalamo ndani, kwawo n'kuti, ana alipo angati, akudwala ndani. Musayambe ndi kapepala koitanira ku msonkhano wa chitsitsimutso. Munthu amazindikira msanga ngati mukumufuna iyeyo kapena mukungofuna kudzaza benchi ya m'tchalitchi.

Za aneba Achisilamu ndinene mwapadera, chifukwa kuno ndi ambiri, makamaka mukamalowera cha ku Songani ndi Domasi. Mukakhala ndi chinkhoswe, ukwati kapena phwando la Khirisimasi, pemphani mmodzi wa iwo adzazinge mbuzi kapena nkhuku kuti onse adye momasuka. Makolo athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Mapoto ophikira nkhumba akhale padera. M'mwezi wa Ramadani musawakakamize chakudya masana, ndipo akakutumizirani mbale ya mpunga pa Idi, landirani ndi manja awiri, mbaleyo isabwerere yopanda kanthu. Simunamusiye Yesu pochita zimenezi. Akakufunsani za chikhulupiriro chanu, yankhani mofatsa ndi mwaulemu monga 1 Petro 3:15 anenera. Akakuitanani ku mapemphero amene chikumbumtima chanu sichikulolani, nenani mosazungulira: "Zikomo achimwene, nthawi ya mapemphero ndikhala panja, koma nkhuni ndi madzi zisiyireni ine."

Chachitatu: pitani kumaliro onse, koma dziwani pokanira

Apa ndikhalitsapo, chifukwa palibe malo amene chikondi ndi makhalidwe a dziko zimakumanirana kwambiri kuposa pa siwa.

Maliro n'kulirana. Uthenga ukafika musafunse kuti malemuyo ankapemphera kuti. Kaya anali wodulidwa mumpingo, kaya wafera ku mowa, kaya wadzipha, ofedwawo ndi anthu ndipo akulira. Zakuti mpingo uyimbira malirowo kapena ayi ndi za abusa ndi akulu a mpingo, koma kulira ndi olira (Aroma 12:15) sikudikira chilolezo cha aliyense. Tengani kambale ka ufa, mtolo wa nkhuni, ndi kangachepe ka chipepeso. Amayi, tungani madzi, khalani kumapoto, gonani m'nyumba ya siwa. Abambo, chezerani pamoto, thandizani kusaka galimoto yokatenga thupi ku mochale, m'mawa mukawaone adzukulu kumanda.

Tsono usiku ukafika pakati, nyimbo zikayamba kuzirala, pamoto paja pamabwera nkhani. Wina amayamba motsitsa mawu: "Imfa imeneyi si yabwinobwino." Wina avomera. Posakhalitsa patuluka dzina la gogo wina amene anakangana ndi malemu za malire a munda. Pamenepo ndiye pamalire anu, ndipo kungokhala chete sikukwanira. Lankhulani dzinalo lisanazungulire bwalo lonse: "Abale anga, adokotala anatiuza matenda amene atenga m'bale wathuyu. Agogowa nawonso aferedwa, tisawasenzetse katundu wina." Kukacha, kakhaleni pafupi ndi gogoyo anthu akuona, muwathirire madzi osamba m'manja, mudye nawo mbale imodzi. Mukaona kuti mawu akutentha ndipo anyamata ayamba kusonkhana, dziwitsani amfumu ndi apolisi nthawi yomweyo. Lamulo la dziko lino la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo okalamba aphedwapo m'Malawi muno chifukwa cha mawu amene anayamba ngati manong'onong'o a pamaliro.

Nkhani ina ndi chuma cha masiye. Thupi lisanalowe m'manda, achibale ena amakhala atayamba kale kuwerenga malata, mipando, njinga ndi firiji. Zimavuta kwambiri pamene inuyo ndinu mmodzi wa achibalewo ndipo gawo lina likulozedwa kwa inu. Pa zokambirana za banja nenani msanga, ena asanayambe kugawana: "Gawo langa lisiyireni anawa ndi mayi awo." Mmodzi akatero, ena amachita manyazi. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limateteza mkazi, mwamuna ndi ana a malemu, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu. Mayi wamasiye ambiri sadziwa zimenezi, kapena akudziwa koma alibe mphamvu zoyendera. Muthandizeni kusonkhanitsa chikalata cha imfa, chiphaso, ndi mapepala a nyumba kapena malo, mumuperekeze ku ofesi ya DC. Inunso lembani wilo yanu mukadali moyo. Kumeneko ndi kukonda ana anu.

Mpikisano wa mabokosi odula, matenti ndi zitenje zofanana umasiya ofedwa m'ngongole. Mukafunsidwa maganizo, tchulani za sukulu fizi ya ana otsala.

Ndipo mudzabwerenso. Masiku a maliro nyumba imadzaza, koma akasesa aliyense amabwerera kwawo. Sabata yachitatu ndi imene mayi uja amakhala yekha pakhonde, ufa utatha. Pitani nthawi imeneyo ndi sopo ndi shuga, funsani za munda ngati walimidwa, onani denga mvula ya November isanayambe. Abambo, kwa mayi wamasiye musapite nokha. Pitani ndi akazi anu kapena ndi anzanu a mumlaga, kuti muteteze mbiri yake ndi mtima wanu.

Chachinayi: konzani kagwiridwe kanu ka ndalama

Mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense akudziwa zimene zinachitika ndi mitengo ya zinthu. Nthawi yovuta chonchi chinyengo chimapeza zifukwa zambiri. Koma Levitiko 19:36 amafuna sikelo ndi miyeso yoona, ndipo sanapatule chaka cha njala.

Ngati mumagulitsa mumsika waukulu wa Zomba, pa Thondwe, pa Jali kapena pa Songani, yang'anani malonda anu lero lomwe. Mulu wa tomato ukhale wofanana pansi ndi pamwamba. Chigoba choyezera mpunga chisakhale chophwanyidwa kunsi. Ngati mumagula nandolo kapena chimanga kwa alimi, sikelo yanu ikhale yoti mungalole amayi anu okubalani kuyezerapo. Ngati ndinu wogula, ganizirani izi: m'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsutsa, koma mayi amene watsika phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu timamunenerera mpaka atsale ndi ndalama yosakwana mchere. Kunenerera si tchimo, koma dziwani polekera. Mnyamata wa kabaza mupatseni imene munagwirizana. Wantchito wapakhomo ndi waganyu alandire pa tsiku lake. Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwa a antchito amafuula, ndipo kulirako kumafika m'makutu a Ambuye.

Katapira musiyeni, ngakhale mutamupatsa dzina loti kuthandizana. Munthu wabwereka K20,000 chifukwa mwana wagonekedwa m'chipatala, inu mukufuna K30,000 pakutha pa mwezi, mwamulandanso khadi la kubanki ndi chiphaso. Eksodo 22:25 amaletsa kuchita zotere kwa wosauka. Banki m'khonde ndi yabwino ndipo yatukula amayi ambiri, koma imayesedwa tsiku limene membala walephera kubweza, gulu n'kunyamuka kukazula malata kapena kutenga mapoto ndi matiresi. Nthawi yolankhula ndi pamene gulu likupanga malamulo kumayambiriro. Pemphani kuti pakhale thumba la zadzidzidzi, ndiponso kuti wodwala kapena woferedwa aziwonjezeredwa nthawi. Deuteronomo 24 amaletsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa ndi pamene munthu amadyera, ndipo amati chofunda cha wosauka chibwezedwe dzuwa lisanalowe. Ngongole ibwezedwe ndithu, koma ana asagone pansi popanda chofunda chifukwa cha ife.

Munthu akabwera kudzabwereka, ganizani msanga ngati mukukongoza kapena mukupereka. Ngati ndalamayo simungathe kuitaya, ndi bwino kupereka yochepa yosabweza: "Yokongoza ndilibe mlongo wanga, koma landirani iyi, musabweze." Chibale chambiri chatha chifukwa cha ngongole zimene aliyense ankadziwa kuti sizidzabwezedwa. Komanso kukonda si kupereka chilichonse chimene munthu wapempha. Bambo amene mukudziwa kuti akathera ku kachasu, mugulireni ufa mukapereke m'manja mwa akazi awo.

Popereka, foni ikhale m'thumba. Namondwe wa Freddy atawononga m'chigawo cha kumwera mu March 2023, anthu ambiri anathandiza ndi mtima woona, koma tinaonanso zithunzi za amayi otaya zonse atagwada kulandira kathumba ka ufa, zikuzungulira pa Facebook ndi WhatsApp. Mateyu 6:3 akuti dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Ngati mpingo ukufunika kupereka lipoti kwa amene anasonkha, jambulani matumba ndi malisiti. Nkhope ya munthu ijambulidwe pokhapokha mwini wake walola mosakakamizidwa.

Chachisanu: kuntchito kanani mwaulemu, thandizani mwachangu

Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhala kuno mpaka 1994. Mpaka lero ndi tauni ya anthu a pantchito: aphunzitsi, anamwino, makalaliki, asilikali, apolisi, oyang'anira ndende. Okhometsa msonkho ndi asilikali atafunsa Yohane Mbatizi chochita (Luka 3:12-14), sanawauze kuti asiye ntchito. Anati asalipiritse zoposa zimene analamulidwa, asaopseze kapena kunamizira munthu, akhutire ndi malipiro awo. Malangizo amenewo akukwanira tauni yathu ngati analembera ife.

Munthu akakusunthirani ndalama pansi pa fayilo, musamuchititse manyazi pagulu ndipo musamulalikire. Nthawi zambiri ndi wosauka amene anauzidwa kuti popanda ya fanta palibe chimayenda. Nenani motsitsa: "Bambo, bwezani m'thumba imeneyo mukagulire ana ndiwo. Fomu yanu ndiyendetsa lero." Ndipo muiyendetsedi lero. Kukana chiphuphu kenako n'kumuchedwetsa munthu milungu itatu kumangomuphunzitsa kuti akanapereka zikanayenda.

Pepala la alawansi likafika, la tsiku limene inu kunalibe, nenani za inu nokha: "Ine tsiku limenelo kunalibe, dzina langa lidumpheni." Simukufunika kukhala wapolisi wa mu ofesi pa kanthu kalikonse. Koma khalani woyamba kusonkha mnzanu akaferedwa, woyamba kumugwirira ntchito mwana wake akadwala, kuti adziwe kuti mukukana mchitidwewo osati iyeyo. Zikafika pa kuba mankhwala a odwala kapena chimanga cha anthu ovutika ndi njala, kukhala chete sikulinso chikondi, chifukwa ovulala ndi anthu amene sangadziyankhulire. Bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995 kuti lizilandira nkhani zotere.

Chovuta koposa ndi abale. Amalume afika kuti mulowetse mwana wawo ntchito pakhomo lakuseri, kapena mlongo wanu akufuna ndalama yogulira mwana likasa la mayeso. Musangoti ayi n'kutseka chitseko. Mthandizeni mwanayo kulemba kalata yofunsira ntchito, mulipirireni minibasi yopita ku intavyu, mupezereni mphunzitsi womuthandiza masamu. Ngati muli m'gulu losankha anthu, nenani kuti ndi m'bale wanu ndipo mutuluke. Adzanena kuti mwayamba kudzikuza, mwina kwa chaka chathunthu. Zimapweteka, sindikubisirani. Pitirizani kupita kwawo, kudya nsima yawo ndi kuyendera odwala awo.

Chachisanu ndi chimodzi: sankhani chipatala kapena ndende, muzipitako mokhazikika

Pa Mateyu 25:36 Ambuye akutchula odwala ndi a m'ndende ngati iye mwini. Ndi matauni ochepa m'Malawi amene ali ndi anthu amenewa pafupi ngati ife. Tili ndi chipatala chachikulu cha Zomba Central, chipatala cha boma cha matenda a maganizo chimene chimalandira odwala ochokera m'maboma akutali, ndende yaikulu imene inamangidwa mu 1935, komanso ndende za Mikuyu ndi Domasi. Simungakwanitse zonse. Sankhani malo amodzi, muzipitako kamodzi pamwezi osadumphitsa. Gulu lalikulu lobwera pa Khirisimasi pokha limathandiza pang'ono poyerekeza ndi anthu awiri amene nkhope zawo zadziwika.

Kuchipatala tsatani nthawi yoonera odwala ndipo mverani anamwino. Musaiwale odikirira odwala amene amaphikira panja, ena achokera ku Mayaka kapena ku Kachulu ndipo ufa ndi makala zawathera. Funsani musanapemphere, pempherani mwachidule ndi motsitsa mawu, chifukwa pa bedi loyandikana pali wina amene akumva ululu. Chinthu chimodzi musachite ngakhale pang'ono: kuuza munthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a shuga, a khunyu kapena a matenda a maganizo poti mwamupempherera. Anthu afa nazo zimenezi. Pempherani, ndipo mukumbutseni tsiku lokatenga mankhwala. Wodwala maganizo akamayenda mumsewu wa kwanu, letsani ana kumugenda ndi kumuseka, mupatseni chakudya, fufuzani abale ake.

Kundende pitani kudzera kwa m'busa wa kundendeko kapena akuluakulu ake, mufunse zololedwa kulowa. Sopo, shuga, mchere ndi Baibulo ndi zimene anthu amakonda kunyamula. Musavomere kutulutsa kapena kulowetsa kanthu mobisa, ngakhale wopemphayo alire bwanji. Musafunse kuti analakwa chiyani. Ntchito yaikulu imayamba akatuluka: kumudzi amamuopa, ntchito sapeza, nkhuku ikasowa amayamba kuloza iye. Mukhale naye pa benchi imodzi m'tchalitchi, mupatseni ganyu, mulipireni bwino.

Chachisanu ndi chiwiri: wagwa mum'fikire, koma dziwani kufooka kwanu

Mtsikana wa kwaya akatenga mimba, kapena mkulu wa mpingo akayambiranso mowa, nkhani imafika pa gulu la WhatsApp munthu asanafike pakhomo pake. Ena amaibisa m'mawu oti "tiyeni timupempherere". Musaitumize kwa wina. Mateyu 18:15 akuti pita ukamuuze panokha iwe ndi iye. Mtsikanayo mumuperekeze ku sikelo, mulimbikitse makolo ake kuti asamuthamangitse, ndipo akabereka abwerere kusukulu. Ngati sanakwane zaka 18, wom'patsa mimbayo ali ndi mlandu, ndipo kukambirana zakuseri kuti banja lilandire ndalama ndi kumugulitsa mwanayo. Chilango cha mpingo chikhalepo monga mwa malamulo ake, koma chisagwere mtsikana yekha mwamunayo akuyimbabe kutsogolo.

Agalatiya 6:1 akuti mubweze wolakwayo mofatsa, ndipo akuwonjezera kuti udziyang'anire wekha ungayesedwe nawenso. Ambuye ankadya ndi okhometsa msonkho ndi ochimwa, koma inu dziwani pamene mumaterereka. Ngati munasiya mowa movutikira, musakalalikire m'bala. Mnzanu wakumwayo mukamupeze kunyumba m'mawa asanayambe. Ngati kufooka kwanu ndi akazi kapena amuna, uphungu wa pa foni usiku si wanu, mutumizeni kwa wina. Ngati ndi ndalama, musavomere usungichuma wa gulu.

Chachisanu ndi chitatu: pa ndale musagulitse mnansi

Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi Achikatolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse, yodzudzula kupondereza anthu, ndipo patangopita masiku ochepa ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kugwirizana nayo. Chaka chomwecho Akhristu ndi Asilamu anakhalira limodzi m'bungwe la zipembedzo loyankhulapo pa nkhani za dziko la PAC (Public Affairs Committee). Choncho kupatukana ndi dziko sikutanthauza kutseka pakamwa anthu akamazunzidwa. Kavoteni, funsani khansala za mjigo, ngalande ndi mankhwala. Chokana ndi ndalama yogulira voti, imene lamulo la zipani la 2018 limaletsa, komanso kudana ndi mnansi chifukwa cha mtundu wa chitenje chimene wavala kapena chigawo chimene akuchokera. Mkangano wa ndale ukabuka pa gulu la mpingo, musayankhe usiku womwewo.

Chomaliza: pezani munthu mmodzi wokufunsani

Zonsezi simungazisenze nokha. Mumlaga, mumphakati kapena m'gulu lanu la amayi kapena abambo, sankhani munthu mmodzi wokhwima, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, amene saopa kukuuzani zoona ndipo sayendetsa nkhani. Muzikumana kamodzi pamwezi, ngakhale potuluka m'tchalitchi pansi pa mtengo, muzifunsana mafunso awiri. Mwezi uno mwayandikira ndani amene si wa mpingo wanu kapena wa mtundu wanu? Mwezi uno mwakana chiyani chimene chikanakupindulitsani? Yankho likhale la dzina la malo ndi tsiku, osati "tikuyesetsa".

Mudzaona kuti funso limodzi limakuvutani kuposa linzake. Amene anakulira m'nyumba yotseka geti amasowa yankho pa loyamba, ochezeka ndi okondedwa ndi anthu amasowa pa lachiwiri. Funso likakhala lopanda yankho miyezi iwiri yotsatizana, sankhani nyumba imodzi yoti mukafike kapena chinthu chimodzi choti mukakane, mugwirizane tsiku, ndipo mnzanuyo akuimbireni foni madzulo a tsikulo kufunsa ngati mwachita.